Mphumu yanga sikumvanso mankhwala

Aphungu,
Ndili ndi zaka 41 ndipo mphumu inandiyamba ndili mtsikana. Kuchipatala anandipatsa mainhela awiri, wabuluu ndi wabulauni, koma usiku ndimabanikabe, makamaka mu June ndi July. Apongozi anga akuti thupi langa lazolowera mankhwala, bola ndiwasiye. Bambo a kunyumba amasutira fodya m'nyumba momwemo. Nditani?
Mayi wa ku Dedza

Zikomo mayi. Apongozi anuwo akukufunirani zabwino, koma mankhwalawo musasiye.

Pa mphumu, amene amavutitsa ndi asilikali a m'thupi mwanu momwe. Mukapuma fumbi, mungu kapena zitosi za mphemvu, maselo otchedwa mast cells amatulutsa histamine, timitsempha ta mpweya n'kufinyika. Pambuyo pake pamabwera ena, ma eosinophil, omwe amatupitsa njira za mpweya ndi kuchulukitsa makhololo kwa masiku ambiri. Inhela wabuluu, salbutamol, amangotsegula njirazo kwa maola ochepa, kutupako sakukhudza. Wabulauniyo, beclomethasone, ndiye amagonjetsa ma eosinophil, koma amafunika tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino. Ambiri amamusunga m'chikwama chifukwa sapereka mpumulo wa pompopompo, kenako amati mankhwala akanika. N'chifukwa chake kuyambira 2019 bungwe loona za mphumu la GINA linasiya kulimbikitsa salbutamol payekha.

Onaninso kapoperedwe kanu. Mankhwala ochuluka amathera pakhosi osafika m'mapapo. Pemphani namwino akuoneni mukupopera, mufunsenso za spacer, kachipangizo kolumikiza ku inhela kothandiza mankhwala kufika m'mapapo. Ikasowa, botolo lapulasitiki la 500ml lobooledwa kunsi limagwira ntchito, monga madokotala a ku Cape Town anasonyezera.

Komabe mphumu yosamva mankhwala ilipodi. Mwa anthu ena, m'mapapo mumadzaza maselo ena otchedwa ma neutrophil m'malo mwa ma eosinophil, ndipo amenewa ma steroid monga beclomethasone sawagonjetsa. Ma steroid amathanso kutalikitsa moyo wa ma neutrophil. Utsi wa fodya ndi umodzi mwa zinthu zoitana maselowa, ndipo umafooketsa mphamvu ya inhela wabulauni. Apa nkhani ya bambo a kunyumbawo si yaing'ono ayi. Akambireni mwaulemu koma mosabisa mawu: fodya azikasutira panja, kusiya kukawavuta. Nanunso m'nyengo yozizira musaothe mbaula m'chipinda chotseka, ndipo pophika pankhuni khitchini izipita mphepo.

Kumaiko olemera kuli jakisoni monga mepolizumab, wolimbana ndi ma eosinophil, koma ndi wodula zedi ndipo pa mphumu ya ma neutrophil sathandiza. Mapiritsi a prednisolone musamangogula nokha. Kuwamwa nthawi yaitali kumakweza shuga ndi BP, kumafooketsanso mafupa.

Poperani wabulauniyo mosadumphitsa kwa miyezi iwiri kapena itatu. Zikapanda kusintha, bwererani kuchipatala akayeze makhololo ngati mulibe TB, akutumizeni kwa dokotala wa mapapo. Koma tsiku lomwe mukulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.