PHUNZIRO: Kumasuka ku Pangano Lolemera pa Nthawi ya Matenda

Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kuli pangano lina lotchedwa timeshare. Munthu agula ufulu wogona sabata imodzi kapena ziwiri pachaka m'nyumba yochitiramo tchuthi, nalonjeza kupereka ndalama zosamalira nyumbayo chaka ndi chaka, apiteko kapena asapiteko. Ambiri asaina akali amphamvu. Tsono matenda aakulu akafika, ulendo sautha, wogula gawo lawo sapezeka, koma ngongole ingokulirakulira. Madandaulo adachuluka kotero kuti mu 2008 maiko a European Union adalamula kuti wogula apatsidwe masiku 14 osinthira maganizo.

Ku Mgona kulibe nyumba za tchuthi, koma msampha womwewo ulipo. Anthu ambiri kumeneko adalira ganyu wa m'mafakitale a ku Kanengo, ena malonda a mtedza pamsika, ndipo mapangano awo ndi a katapila, a mabungwe obwereketsa ndalama, ndi a katundu wolipira pang'onopang'ono monga njinga yamoto ya kabaza. Mapangano onsewa atsamira pa chinthu chimodzi: kuti wosainayo adzadzuka mawa napita ku ntchito.

Kodi matenda afafaniza pangano? Iyayi. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo ngongole nayo siitha chifukwa mwini wake wagona ku Kamuzu Central Hospital. Apa ndi pamene mabanja ambiri asokera: akhala chete, ayesa kuti wokongoza amva chisoni, pamene iye akuwerenga masiku. Mwachitsanzo, munthu akatenga K100,000 kwa katapila wofuna theka pamwamba mwezi uliwonse, pakutha mwezi ngongole ifika K150,000. Akalephera, mwezi wachiwiri ifika K225,000, ndipo wachitatu K337,500. Miyezi itatu si yambiri kwa wodwala khansa kapena chifuwa chachikulu.

Ndalama za pantchito nazo zichepa msanga. Lamulo la Employment Act la 2000 lipatsa wantchito amene watha miyezi 12 pantchito masabata 4 a malipiro athunthu ndi masabata 8 a theka la malipiro pachaka, akaonetsa kalata ya dokotala. Waganyu ndi wakabaza alibe ngakhale zimenezi. Chifukwa chake nthawi yoyamba kuchitapo kanthu ndi sabata limene matenda adziwika, osati tsiku limene wokongoza wafika pakhomo.

Choyamba, banja litulutse pepala la pangano, ndipo wina wodziwa kuwerenga bwino aliwerenge lonse, makamaka timalemba tating'ono ta kumapeto. Ngongole zambiri za mabanki ndi mabungwe zili ndi inshuwalansi imene wokongola amalipira osadziwa. Ina ifafaniza ngongole munthu akamwalira, ina akalumala kotheratu. Ofesi siidzakumbutsa munthu zimenezi ngati iye safunsa.

Pambuyo pake wodwala, kapena womuimira, alembe kalata yofotokoza za matenda, aikepo kalata ya kuchipatala, napemphe chinthu chodziwika: kuimitsa chiwongoladzanja, kuchepetsa zopereka pamwezi, kapena kubweza katundu kuti pangano lithe. Kalata ikhale iwiri, ina aidinde ndi kuibweza kwa mwini wake. Mawu apakamwa a kalaliki sathandiza kubwalo la milandu. Wobweza njinga yamoto asangoisiya pakhomo pa ofesi. Alandire pepala lonena mtengo umene aiwerengera ndi zimene zatsala, pakuti kubweza katundu si nthawi zonse kuthetsa ngongole.

Za katapila ambiri ayesa kuti palibe chochita, popeza adavomera okha. Si choncho. M'Malawi muli lamulo la Loans Recovery Act, limene lipatsa bwalo mphamvu yotsegulanso pangano ngati chiwongoladzanja chili chopitirira ndi chankhanza, ndi kumasula wokongola ku zimene zaposa muyezo. Ndalama zimene adatenga azibwezabe, koma si zonse zimene katapila walemba m'kope mwake. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Dandaulo la banki kapena bungwe lovomerezeka lipita ku Reserve Bank of Malawi, ndipo la wogulitsa katundu mwachinyengo ku Competition and Fair Trading Commission.

Pali ngozi ziwiri zodziwika. Ina ndi kukongola kwa katapila wachiwiri kuti alipire woyamba. Inzake ndi madobadoba olonjeza kuti athetsa nkhani yonse akapatsidwa kangachepe. Ngakhale ku maiko a timeshare, okalamba ndi odwala ambiri adaberedwa kawiri ndi anthu otere.

Pomaliza pali nkhawa ya mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo. Amene sadasaine pangano, ndiponso sadaimire mnzake ngati chikole, sakakamizidwa kulipira ndi chuma chakechake. Ngongole ya womwalira ilipidwa kuchokera pa chuma chimene iye wasiya. Tsono wachibale asafulumire kusaina pepala latsopano limene wokongoza abwera nalo kuchipatala. Mgwirizano watsopano ukapezeka, ulembedwe, pakhale mboni ziwiri kapena mfumu ya m'deralo, ndipo pa ndalama iliyonse yoperekedwa banja lilandire lisiti.