Kalata Ziwiri za Yeremiya: Phunziro la Kasungidwe ka Kanema wa Mpingo

Kuwerenga: Yeremiya 32:6-15, 36:20-32

M'caka cakhumi ca Zedekiya mfumu ya Yuda, pamene ankhondo a ku Babulo anazinga Yerusalemu, mneneri Yeremiya anali m'ndende. Pa nthawi yosayenera malonda imeneyo iye anagula munda wa ku Anatoti kwa Hanameli, mwana wa mbale wa atate wace, ndi masekeli 17 a siliva. Owerenga ambiri sapenyetsa kasungidwe ka kalata ya malondawo. Inalembedwa pawiri: ina inamatidwa ndi cizindikiro, ina inasiyidwa yosamata kuti munthu athe kuiwerenga, ndipo Baruki analamulidwa kuika zonse ziwiri m'mbiya ya dothi kuti zikhalitse. Mneneri anakhulupira lonjezo la Mulungu lakuti minda idzagulidwanso m'dzikomo, koma cikhulupiriro cace sicinamletsa kufuna mbiya.

Masiku ano mipingo ya kumidzi iri ndi cuma cimene makolo analibe, ndico kanema wojambulidwa ndi foni: ubatizo, maukwati, nyimbo za kwaya pa tsiku la masika, kutsegulidwa kwa nyumba ya Mulungu, ndiponso mau a nkhalamba zosimba m'mene Uthenga Wabwino unafikira m'mudzi mwao. Kawirikawiri cuma conseci cikhala m'foni ya mnyamata mmodzi. Foniyo igwa m'citsime, kapena ibedwa pa basi ya ku Chipata, kapena mwini wace aigulitsa kuti apeze ndalama za feteleza. Pamene mfumu Yehoyakimu anadula buku la Yeremiya ndi mpeni naliponya pamoto, bukulo linalembedwanso, pakuti mneneri ndi mlembi wace anali amoyo. Koma agogo amene anaikidwa m'manda caka catha sangabwerezenso mau ao.

Anthu odziwa nchito ya zithunzi ali ndi lamulo lochedwa 3-2-1, limene wojambula wa ku America, Peter Krogh, analibukitsa. Lamulolo liti cinthu ca mtengo wapatali cikhale ndi makope 3, pa zosungira za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale pa malo ena akutali. Mlimi sadzaona cacilendo m'lamuloli. Cimanga cakudya cikhala m'nkhokwe, ca mbeu cipacikidwa pa utsi m'khichini, ndipo wocenjera asungitsako pang'ono kwa mlongo wace kutsidya kwa dambo, kuti moto ukadya nyumba mbeu isathe. Apa lamulo la lero lipitirira mbiya ya Baruki, pakuti m'mbiyamo kalata zonse ziwiri zinali pamodzi.

Funso loyamba la akulu a mpingo lidzakhala la ndalama, ndipo ayenera kulifunsa, pakuti zopereka za Akristu sizimwazidwa. Ayambe ndi kuwerengera. Kanema wa ola limodzi wa foni wamba adya malo monga gigabyte 4 kufikira 8. Terabyte imodzi ndi gigabyte 1,000; cotero cosungira ca terabyte imodzi cilandira maola oposa 100, ndiwo zaka zingapo za misonkhano ya mpingo waung'ono. Kugula cacikulu koposa apa ndi kumanga nkhokwe ya matumba 100 pa munda wa matumba 10.

Zosungira ziri za mitundumitundu. Hard drive yonyamulika, yolumikiza ku kompyuta ndi cingwe ca USB, iri ndi mbale zozungulira m'kati mwace. Ndiyo yochipa koposa pa terabyte iriyonse, koma ikagwa pansi, makamaka iri pa nchito, ikhoza kufa pomwepo. SSD iribe cozungulira, ifulumira, ndipo ipirira kugwa. Koma mtengo wace ndi wokwera, ndipo siyenera kugonekedwa m'bokosi zaka zambiri yopanda magetsi, pakuti zolembedwamo zikhoza kuzimirira, makamaka pa malo otentha. Flash ndi memory card ndi mitanga yonyamulira, si nkhokwe ai. Zisowa msanga, ndipo m'misika muli zabodza zambiri zolembedwa kukula kumene ziribe: zilandira kanema ngati ziri bwino, koma tsiku lomfuna apezeka woonongeka. Cinthu ca mtengo wotsika modabwitsa cikayikidwe, ndipo wogula atenge lisiti.

Mpingo wa ndalama zocepa ugule hard drive ziwiri wamba m'malo mwa SSD imodzi yokongola. Cifukwa cace ncakuti cosungira ciri conse, ngakhale ca mtengo wotani, cidzafa tsiku lina. Koma n'kobvuta kuti ziwiri zokhala m'nyumba ziwiri zife tsiku limodzi. Ziwirizi, pamodzi ndi kope la m'kompyuta, zikwanitsa makope atatu aja. Ngati ndalama sizikwanira zonse ziwiri, imodzi igulidwe pa masika ano, inzace pa masika akudza, ndipo pakati apo kanema asafafanizidwe m'foni kapena m'kompyuta.

Wamalonda wina adzaonetsa bokosi lokhala ndi hard drive ziwiri m'kati, lochedwa RAID 1, limene lilemba zonse pawiri lokha. Bokosi lotere lithandiza hard drive imodzi ikafa, koma licita cimene mbiya ya Baruki inacita: mbala itenga zonse ziwiri pamodzi, mphezi yolowa ndi waya iocha zonse ziwiri, ndipo munthu akafafaniza kanema molakwa, afafanizika mbali zonse nthawi yomweyo. Lifunanso magetsi okhazikika, amene m'Zambia anasowa kwambiri m'caka ca 2024 pamene madzi a Kariba anacepa ndi cilala.

Ena ati, kanema ali pa WhatsApp ndi pa Facebook, bvuto liri pati? Komweko kanema afinyidwa nataya kuwala kwace, ndipo mwini malowo ndi munthu wina amene angathe kutseka khomo. Google Drive ipatsa gigabyte 15 zaulere, zokwanira maola awiri kapena atatu. Malo ocepawo apatsidwe zosabwezeka, monga umboni wa nkhalamba, osati ulaliki wa Sabata liri lonse.

Kukhala ndi kope laciwiri sikukwanira ngati palibe amene aliyang'ana. M'caka ca 1998, ku kampani ya Pixar m'America, akatswiri anali kukonza kanema wochedwa Toy Story 2. Lamulo lolakwika linaperekedwa kwa kompyuta, ndipo mbali yaikulu ya nchitoyo inafafanizika. Atathamangira ku makope ao osungira, anapeza kuti sanali kulembeka bwino, ndipo panalibe amene anadziwa. Cinawapulumutsa ndi mai mmodzi, Galyn Susman, amene anali kugwirira nchito kunyumba cifukwa ca khanda lace, nakhala ndi kope m'kompyuta ya kwao. Kompyutayo anaikulunga m'mabulangete naitengera ku ofesi, ndipo kanemayo anaturuka mu 1999. Anthu amenewo anali ndi makina a ndalama zambiri. Cinawathandiza ndi kope lokhala pa nyumba ina.

Cifukwa cace mpingo uike anthu awiri, osati mmodzi. Hard drive imodzi ikhale kwa mlembi wa mpingo, ina kwa mkulu wa mpingo wa mudzi wina. Kanema watsopano akopedwe ku yoyamba m'sabata lomwelo, ndipo pa msonkhano wa akulu ziwirizo zikumane, zatsopano ziwoloke, kenaka zisiyanenso. Pa nthawi yomweyo atsegule kanema mmodzi kapena awiri akale, naonere kufikira kumapeto. Hard drive imene iyamba kulira mwacilendo, kapena kucedwa kutseguka, ilowedwe m'malo msanga. Ndipo ngakhale yosadwala isadaliridwe kupitirira zaka zisanu.

Mbiya ya hard drive ndi cigubu ca pulasitiki cotseka bwino, coikidwa pamwamba, kutali ndi pfumbi la mu October, cinyezi ca dzinja, ndi manja a ana ofuna kuikamo nyimbo. Isasiyidwe yolumikizidwa ku kompyuta mvula ya mphezi irinkudza. Kanema aliyense apatsidwe dzina loyamba ndi caka, mwezi ndi tsiku, kenaka malo ndi cocitika. Ndipo maina a olankhulamo alembedwe ndi inki m'buku la mpingo, pakuti zaka 30 zikapita ana adzaona nkhope ya nkhalamba ija osadziwa kuti ndi yani.