Sipika Ikamadukiza M'galimoto Yakale, Tiyambire Pati?

Pa tchuthi chapitachi, ife anayi tinkakwera galimoto imodzi m'mawa uliwonse kuchokera ku Area 12 kupita ku Old Town, komwe tinkaphunzira ntchito. Galimotoyo ndi ya amalume a mnzathu wina. Ndi ya 2006, inabwera kuchokera ku Japan itayendapo kale, ndipo wailesi yake ndi yomwe inabwera nayo. Pa Presidential Way inkalira bwinobwino. Koma tikangofika ku Malangalanga, pa maenje ndi mahampu paja, sipika ya kuchitseko cha dalaivala inkangoti zii, kenako n'kubwereranso yokha. Wokonza wina anali atawauza kale amalumewo kuti wailesi yatha, agule ina, ndipo iwo anali atayamba kupatula ndalama. Tinawapempha kuti atibwereke galimotoyo Lamulungu limodzi asanagule kanthu. Phunziro ili lachokera pa tsikulo.

Chinthu chofa chimavuta pang'ono, chifukwa tikachiyeza chimapezeka chakufa. Chovuta kwambiri ndi chimene chimafa n'kudzuka. Tikafika nacho kugalaja chimayamba kugwira ntchito, ndipo mwini galimoto amaoneka ngati wabodza. Choncho ntchito yathu yoyamba si kumasula kanthu ayi. Ndi kupeza njira yoti vutolo lizibwera nthawi imene ife tafuna.

Tisiyanitse wailesi ndi siteshoni

Magalimoto ambiri amene adzaza m'misewu ya Lilongwe, monga Vitz, Passo, Sienta, Corolla ndi Tiida, anapangidwira msika wa ku Japan. Wailesi zakale za kumeneko zimagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pamene kwathu kuno masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. N'chifukwa chake ambiri amaikitsa kabokosi kotchedwa band expander pakati pa eriyo ndi wailesi. Kabokosi kameneka kakalumikizidwa mwachisawawa, mawu amatha n'kubwera, ndipo munthu amanamizira sipika. Tiike CD, kapena tilumikize foni ngati wailesiyo ili ndi polumikizira. Nyimbo zikamamveka osadukiza, vuto lili ku eriyo kapena kukabokosiko, ndipo masipika tiwasiye. Zikamadukizabe, tipitirire.

Ndi iti imene yakhala chete?

Funso ili ndi limene limapulumutsa ndalama. Wailesi iliyonse ili ndi balance, yosunthira mawu kumanja kapena kumanzere, ndipo zambiri zili ndi fader, yosunthira mawu kutsogolo kapena kumbuyo. Tizigwiritse ntchito kuti sipika iliyonse ilire payokha, wina akuyendetsa, wina akumvetsera. Woyendetsa asamachite zonse ziwiri. Pa mlatho wa Lilongwe pamakhala anthu, makabaza ndi maminibasi, si malo oweramira kuchitseko.

Ngati masipika onse akhala chete ndipo nyali za pawailesi nazo zathima, ndiye kuti wailesiyo ikusowa magetsi. Tione fyuzi ngati yakhala molimba, tione mitu ya batire ngati yachita dzimbiri loyera lija, tionenso waya wa ethi, umene umamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6 V injini ili chozima, ndipo injini ikalira mita imakwera kufika cha m'ma 14 V.

Ngati masipika onse akhala chete koma nyali zikuyakabe, nkhani ndi ina. Nthawi zambiri amplifier ya m'kati mwa wailesi yadzitseka yokha podziteteza. Imatero ikatentha kwambiri, monga galimoto ikakhala padzuwa la October pamalo oimikapo ku City Centre, kapena waya umodzi wa sipika ukasupuka n'kumakhudza chitsulo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Waya umodzi wa kuchitseko chimodzi ukhoza kuzimitsa masipika onse anayi, ndipo wailesi yatsopano imene taigula mokwera mtengo idzachitanso chimodzimodzi, mwinanso kupsa kumene.

Ngati ndi sipika imodzi yokha, monga zinalili kwa ife, tachepetsa ulendo. Vuto lili penapake pakati pa pulagi ya kuseri kwa wailesi ndi sipikayo.

Mphira wa pachitseko

Tikatsegula chitseko n'kuyang'ana pakati pa mahinjesi, tiona kachubu ka mphira kakuda kokhala ndi makwinya. M'menemo mumadutsa mawaya onse a m'chitseko: a sipika, a galasi, a loko ndi a kalilole. Nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, mawayawo amapindika. Chitseko cha dalaivala, chomwe pa magalimoto athu chili kumanja, ndi chimene chimatsegulidwa kuposa zinzake zonse. Tiganizire galimoto ya 2006 imene imaima pageti, pasukulu ya ana, kuntchito, kumsika ndi pageti kachiwiri, tsiku ndi tsiku. Timawaya ta kopa ta m'kati timaduka kamodzikamodzi, koma chikopa cha pulasitiki chimakhalabe chooneka chabwino. Nsonga ziwirizo zikakhudzana nyimbo imamveka, galimoto ikagunda hampu zimatalikirana.

Kuyesa kwake n'kosafuna ndalama. Tiimike galimoto, tiyatse wailesi motsitsa, tisunthire mawu onse kusipika yokayikitsayo, kenako tizitsegula ndi kutseka chitseko pang'onopang'ono. Tikatero tigwire mphira uja n'kumaupinda ndi zala. Ife titachita izi, chitseko chitafika pakati mawu anaduka, titachikankha pang'ono anabwerera. Tinabwereza kasanu, kasanu konse chimodzimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa nkhonoyo inasuzumira pasanathe mphindi 10. Chizindikiro china chimene tinali tisanachilabadire n'chakuti galasi la chitseko chomwecho linkakana kukwera masiku ena. Mawaya oyandikana amakalamba pamodzi.

Chitseko chikapanda kuulula kanthu, timenye pang'ono ndi chikhatho pamene pali sipika, kenako pa dashibodi pafupi ndi wailesi. Pamene pakuyambitsa kudukizako ndi pamene tiyenera kumasula. Tikumbukirenso kuti pa magalimoto ambiri a Toyota, waya wopita kusipika ya m'chitseko umadutsira pa pulagi ya kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala. Pulagi imeneyo ikagwedera, yaikulu nayonso imakhala chete ngakhale ilibe mlandu.

Tisanagwire waya

Pali zinthu zitatu zimene zingasandutse vuto laling'ono kukhala lalikulu.

Choyamba ndi batire. Ndi bwino kuchotsa mutu wa negativu tisanadule waya uliwonse wa m'chitseko, chifukwa ena amakhala ndi magetsi ngakhale kiyi atachotsedwa. Koma wailesi zambiri za ku Japan zokhala ndi sikirini ndi mapu zimafuna SD card kapena disiki yake, kapenanso nambala yachinsinsi, kuti ziyakenso batire likachotsedwa. Tione kaye ngati khadiyo ilimo. Ikapanda kukhalamo, wailesi imene inkangodukiza ikhoza kutsala ikuonetsa zilembo za Chijapanizi basi.

Chachiwiri ndi mapulagi achikasu. Pa mawaya a galimoto yeniyeniyo, mtundu wachikasu pa pulagi kapena pa chokutira umasonyeza mawaya a airbag. Amenewo sitiwayeza, sitiwakoka, sitiwayandikiza batire. Tisasokonezeke ndi mawaya a wailesi zogula padera, momwe wachikasu ndi wobweretsa magetsi a batire, wofiira ndi wa kiyi, wakuda ndi ethi. Mitundu imeneyi sifanana ndi ya kufakitale.

Chachitatu, pa wailesi zambiri palibe waya wa sipika umene uli ethi. Onse awiri amakhala ndi magetsi wailesi ikayaka. Wina akati "ingomangani wa negativu kuchitsulo", tikane.

Mita ndi batire la tochi

Tikachotsa chophimba cha chitseko, tizule pulagi ya sipika n'kuika mita pa ohm. Sipika ya 4 ohm, yomwe ndi yofala m'magalimoto, imaonetsa pakati pa 3 ndi 4. Tikanikize pepala lake mofatsa ndi zala, mbali zonse mofanana. Nambala ikamadumphadumpha kapena kusoweratu, timawaya tiwiri tolukana ta kuseri kwa pepala tatha. Tikamva kukhwekhwereza, koilo yapsa kapena yachita dzimbiri, ndipo sipikayo yatha ndithu. Amene alibe mita akhoza kukhudzitsa batire la 1.5 V kumapazi a sipika mwachidule. Yamoyo imati thi, pepala n'kusuntha. Koma kuyesa kumeneku kumangotiuza kuti sipika ili moyo pa mphindi imeneyo, sikugwira vuto lobwera n'kupita.

Tili m'chitseko momwemo, tione pansi pake. Pali timabowo totulutsa madzi, ndipo fumbi la August ndi September limatitseka. Mvula ikayamba mu November madzi amaima m'chitseko, mapazi a sipika n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Kawaya kolimba n'kokwanira kutsegula timabowoto.

Kulumikiza kokhalitsa

Ife tinavula mphira uja n'kumakoka waya uliwonse pang'ono. Umodzi unatanuka ngati legeni, chifukwa m'kati munalibe kopa wougwira. Wina wa galasi unali utang'ambika chikopa.

Njira yofala m'mbali mwa msewu ndi kupota nsonga ziwiri n'kukulunga tepi yakuda. Zimalira tsiku limenelo, koma tepi imasungunuka ndi kutentha, ndipo mfundoyo ili pamalo pomwe pamapindika. Ngakhale kuwotcherera ndi mtovu pamalo amenewo sikuthandiza, poti polumikizapo pamauma n'kuthyokanso m'mbali mwake. Choyenera ndi kudula chigawo chonse chodutsa mumphira, kuika waya watsopano wofewa wa kukula kofanana, ndipo mfundo imodzi ikhale m'kati mwa chitseko, ina m'kati mwa galimoto, kenako n'kuziveka kachubu kofota ndi moto. Tisasinthanitse positivu ndi negativu. Sipika iliradi, koma mawu a besi amachepa chifukwa ikukankha pamene inzake ikukoka.

Nthawi zina wailesi imakhaladi yolakwa. Mtovu wa m'kati umang'aluka ndi zaka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mawu amaduka wailesi ikatentha kapena tikagogoda pankhope pake, pamene mawaya ndi masipika ayezedwa n'kupezeka abwino. Imeneyo ndi ntchito ya wokonza mawailesi, ndipo nthawi zambiri imatheka popanda kugula ina. Tikamapita nayo, timuuze zimene tayeza kale ndi zimene tinapeza.

Kwa ife, zogula zinali mita imodzi ya waya ndi timachubu tija. Lolemba m'mawa tinadutsa ku Malangalanga mawu osaduka, ndipo galasi linakwera. Sipika ya kumbuyo kumanzere ikukhwekhwerezabe. Imeneyo koilo yake inapita, ndipo amalume akuti idikire kaye matayala.