Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi: Kubira m'Madzi a Chilwa

Funso: Msodzi wina wa pa chilumba cha Chisi walemba kuti anamva za matenda ogwira anthu obira pansi pa madzi ku Cape Maclear, ndipo akufunsa ngati iyenso angawadwale akamabira kukakowola ukonde wokodwa.

Yankho: Katswiri wa zaumoyo akufotokoza kuti matendawa, omwe achipatala amawatcha decompression sickness, amagwira munthu wopuma mpweya wa m'botolo lachitsulo m'madzi akuya. Pa mamita 10 mphamvu yopanikiza thupi imawirikiza kawiri, mpweya wa nitrogen umasungunukira m'magazi, ndipo wobirayo akavuuka mofulumira, mpweyawo umachita thovu lomwe limapweteka m'mfundo, mwinanso kupha ziwalo. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, malo ambiri sapitirira mamita awiri kapena atatu, choncho msodzi wobira ndi mpweya wa m'chifuwa mwake asadere nkhawa matendawa. Choopsa kwa iye ndi matope omwe amagwira phazi, madzi ovunduka omwe salola maso kuona, komanso ukonde womwewo ukazinga mwendo. Asabire popanda mnzake womuyang'anira m'bwato, asabire atamwa mowa, ndipo asamapume mofulumira kambirimbiri asanalowe, pakuti kutero kumachedwetsa njala ya mpweya mpaka munthu amakomoka pansi pa madzi osazindikira.

Funso: Mayi wina akudandaula kuti mwana wake, yemwe amathandiza kukoka makoka, akukodza magazi.

Yankho: Chizindikirochi kawirikawiri ndi cha likodzo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amachiyesabe chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi odekha a m'mphepete, timaboola khungu la munthu woima m'madzi, kenaka timaikira mazira m'mitsempha ya chikhodzodzo, chomwe chimawonongeka pang'onopang'ono. Mwanayo apite kuchipatala akayezedwe mkodzo ndi kulandira mankhwala a praziquantel. Madzi omwewa amafalitsanso kolera pakati pa asodzi okhala pa zimbowera, nyumba zoyandama pa udzu, n'chifukwa chake m'chaka cha 2016 asodziwo anapatsidwa katemera wakumwa.

Funso: Womvera wa ku doko la Kachulu akufunsa komwe nsomba zimachokera nyanja ikadzazanso itaphwa.

Yankho: Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo ndi zomwezo zimadzabereka madzi akabwerera. Nyanjayi inalembedwa pa mgwirizano wa Ramsar, woteteza madambo ofunika padziko lonse, koma katswiriyo akuona kuti chitetezo chenicheni chili m'manja mwa makomiti a pa madoko, omwe ayenera kuletsa kukokolola maiwewo ndi maneti a udzudzu nthawi ya chilala.