Mlandu wa Zimbudzi za pa Sukulu ku America

Chimbudzi ndi malo amene munthu waulemu satchula pagulu. Komatu ku America nkhani ya zimbudzi ndi zipinda zosinthira zovala za pa sukulu yafika kufikira ku mabwalo aakulu a milandu.

Gwero la mkangano

Alipo ana ena amene anabadwa ndi thupi la mtsikana, koma mumtima mwawo adzimva kuti ali anyamata. Enanso anabadwa anyamata, nadzimva atsikana. Pa Chingerezi anthu otere atchedwa transgender. Tsono funso ndi ili: mwana wotere, akafuna kudzithandiza, alowe khomo liti?

Mlandu wa Gavin Grimm

Gavin Grimm anali wophunzira pa sukulu ya sekondale ya Gloucester m'chigawo cha Virginia. Anabadwa mtsikana, koma m'chaka cha 2014 anadziwitsa aphunzitsi kuti ali mnyamata. Mphunzitsi wamkulu anamlola kulowa m'chimbudzi cha anyamata, ndipo anatero pafupifupi masabata 7. Makolo ena atamva anadandaula, ndipo mu December bungwe loyang'anira sukulu linalamula kuti mwana aliyense alowe monga mwa thupi lobadwa nalo, kapena apite ku kachimbudzi ka munthu mmodzi. Grimm anaona kuti ampatula kwa anzake, nayamba kudziletsa tsiku lonse kufikira anadwala matenda a njira ya mkodzo. Mu 2015 anakasuma.

Mbali ziwiri

Omuimira anatchula lamulo la Title IX la 1972, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusankha ophunzira chifukwa cha umuna kapena ukazi. Bungwe la sukulu linayankha kuti ana enanso ali ndi manyazi awo oyenera kuwasunga, makamaka povula. Mbali zonse ziwiri zinali kunena za ulemu wa mwana.

Boma nalonso linasinthasintha. Mu May 2016 boma la Obama linalangiza sukulu kuti zilole ana otere kulowa kumene adzimva kuti n'kwawo. Mu February 2017 boma la Trump linafafaniza langizolo. Grimm anatsiriza sukulu mlandu usanathe. Bwalo la apilo linamkomera mu 2020, ndipo mu 2021 Bwalo Lalikulu linakana kuumvanso. Bungwe lija linalipira madola 1.3 miliyoni a maloya ake. Koma mu December 2022 bwalo lina la apilo, pa mlandu wa ku Florida, linagamula mosiyana, oweruza 7 kutsutsana ndi 4.

Mawu a Mpingo

Mu 2019 nthambi ya ku Vatican yoyang'anira maphunzo inatulutsa chikalata chophunzitsa kuti umuna ndi ukazi zichokera m'chilengedwe, osati m'kusankha kwa munthu. Chikalata chomwecho chinapempha aphunzitsi kuti azimvetsera, ndi kuti mwana aliyense asanyozedwe kapena kuzunzidwa.

Mafunso okambirana

1. Kodi kachimbudzi ka munthu mmodzi kathetsa vuto, kapena kangolisuntha?
2. Mphunzitsi angasunge bwanji manyazi a ana ambiri popanda kuchititsa manyazi mwana mmodzi?
3. Pamene akulu ali mkati motsutsana, ndani ayenera kumsamala mwanayo?