Chokulungira Thanga: Chitetezo cha Bwato Mwera Ukawomba

Mabwato ena a thanga oyenda ku Senga Bay amakokedwa ndi galimoto mumsewu wa M14 wopita ku Salima. Kuyambira Meyi kufika Ogasiti, mwera umakula mwadzidzidzi panyanja. Woyendetsa akachedwa kuchepetsa thanga lakutsogolo, bwato litha kugubuduka.

Chida chothandiza pamenepa ndi chokulungira thanga. Chubu cha aluminiyamu chimavekedwa pa waya wochokera kumutu kwa bwato kukafika pamwamba pa mlongoti. M'munsi mwake mumakhala gudumu la chingwe. Chingwecho chikakokedwa, thanga limakulungika pa chubu.

Pochiika, waya ayesedwe bwino ndi kumangidwa zolimba, pakuti ndiye amene amagwira mlongoti. Chingwe chokwezera thanga chisazengezeke pa chubu. Fumbi la mumsewu ndi mchenga zimaumitsa mabeyaring'i, choncho atsukidwe ndi madzi oyera bwato lisanalowe m'nyanja. Chingwe choperepeseka chisinthidwe msanga.

Gudumu likakana kuzungulira, lisakakamizidwe. Choyambitsa chifufuzidwe kaye, chifukwa mphamvu itha kudula waya, mlongoti n'kugwera anthu.