Musananyamuke Kukathandiza Ana Kunja

Lero ndikucheza nanu achinyamata amene mukufuna kukagwira ntchito yongodzipereka kunja, kukathandiza ana ovutika pa maphunziro awo.

Yambani mwalifufuza bungwe limene mukufuna kukagwira nalo ntchito. Mwachitsanzo, a United Nations Volunteers salipiritsa munthu pofunsira malo, choncho wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pafoni, mukaneni. Konzeranitu pasipoti ndi kalata ya kupolisi yotsimikizira mbiri yanu, poti mukakhala ndi ana a eni.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mwana wamasiye akakuzolowerani, inu n'kuchoka patangotha masabata awiri, amakhala ngati waferedwanso. Ngati n'kotheka, kakhaleni chaka chonse cha sukulu. Muzikathandiza mphunzitsi wa komweko, osamulanda choko. Ndipo chonde, zithunzi za anawo musakaziike pa Facebook.